Makina Anati Mwanayo Ali Bwino

Inu owerenga, nkhani iyi ndakhala nayo mumtima zaka zambiri, ndipo lero ndaganiza zoitula. Ndine mayi wachikulire tsopano. Achinyamata amene ndimagwira nawo ntchito ya makompyuta amati ndine wovuta, wosachedwa kubweza ntchito ya munthu, koma sadziwa kumene kuvutako kunachokera. Ndili mtsikana ndinachotsa timizere tochepa m'pulogalamu ya kompyuta chifukwa tinkandichedwetsa, kenako ndinabisa zimene ndinachitazo. Mapeto ake mwana wa eni ake anamwalira, ndipo banja la makolo ake linagwedezeka. Mwanayo sindinamumenye, sindinamudyetse choipa chilichonse, koma dzanja langa lilimo mu imfa yake. Dzina langa sinditchula, ndipo mayina a anthu ena ndawasintha.

Ndinabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Malomo. Bambo anga anali akatekisiti pa tchalitchi chathu chaching'ono, komanso ankalima fodya ndi mtedza ngati wina aliyense. Fomu 4 ndinamaliza m'masiku amene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Ndinakhoza, koma osati mokwanira kupita ku yunivesite, choncho ndinabwerera kumudzi. Ntchito yanga inali kusoka fodya m'chigafa, kutunga madzi ndi kuimba kwaya Lamulungu. Anzanga ankakwatiwa mmodzimmodzi, ndipo azakhali anga anali atayamba kale kundiyang'ana ndi diso lachisoni.

Chisankho chitapita, zinthu zinayamba kutseguka. Mabungwe anafika ngakhale kumapiri kwathu, ndipo anthu amene anathawa m'dziko muno kale anayamba kubwerera. Mmodzi wa iwo anali a Mbewe, bambo wa imvi wochokera kumapiri a Dowa, amene anakhala kunja zaka zambiri ndipo kumeneko anaphunzira za makompyuta. Mishoni ina ya kufupi ndi boma la Ntchisi inawalemba ntchito. Mishoniyo inali ndi chipatala, ndipo inkayendetsa ntchito yogawa ufa wa phala kwa ana onyentchera kudzera m'zipatala zing'onozing'ono za m'madera ozungulira. A Mbewe ankafuna wowathandiza. Bambo mfumu a pamishonipo anakumbukira mwana wa akatekisiti amene ankangokhala pakhomo ndi setifiketi yake m'sutikesi, ndipo umu ndi mmene ndinaonera kompyuta koyamba.

Ntchitoyo inkayenda chonchi. Mwezi uliwonse ana ankakwezedwa sikelo m'midzi ndi m'zipatala zija. Zotsatira zake zinkabwera ku ofesi yathu, zina pamapepala, zina m'madisiketi, ndipo ife tinkaziika pamodzi. Pulogalamu yathu inkawerenga mwana aliyense n'kuona ngati kulemera kwake kukugwirizana ndi msinkhu wake. Amene wapepuka kwambiri ankalowa m'gulu lolandira ufa, ndipo matumba opita ku chipatala chilichonse ankatengera kuchuluka kwa ana amenewo. Ufawo sunkakwanira aliyense, n'chifukwa chake pankafunika kusankha.

A Mbewe anali mphunzitsi woleza mtima. Choyamba anandionetsa kuti fayilo ya tebulo la mayina ndi manambala si chinthu chamatsenga. Ukaitsegula popanda zokongoletsa umangoona mizere ya malemba, mzere umodzi mwana mmodzi. Pamzerepo pamakhala zigawo zinayi: dzina, mudzi, kulemera m'makilo, ndi miyezi imene mwanayo ali nayo. Chimene chimalekanitsa chigawo china ndi chinzake ndi mpatuliro, kachizindikiro ka kamchira kaja tinkaphunzira ku pulayimale. Kompyuta ilibe maso. Imangowerenga kuchokera kumanzere, ikakumana ndi mpatuliro imadziwa kuti chigawo chatha, china chayamba.

Chachiwiri chimene anandiphunzitsa ndi chimene ndinadzachinyoza. Ankati usanalembe pulogalamu, yamba walemba mayeso ake. Tinkatenga ana ochepa, n'kuwerengera tokha ndi pensulo, pogwiritsa ntchito khadi ya kusikelo, kuti uyu ayenera kulandira, uyu ayi. Mayankhowo tinkawalemba m'kompyuta ngati mayeso. Poyamba mayesowo ankalephera, popeza pulogalamu yake inali isanalembedwe, ndipo a Mbewe ankati kulephera koyambako n'kofunika, kumasonyeza kuti mayesowo ali maso. Kenako tinkalemba kachidutswa kakang'ono ka pulogalamu mpaka mayeso akhoze, n'kuwonjezera mayeso ena, n'kulembanso kachidutswa kena. Tinali ndi mayeso a mwana amene kulemera kwake sikunalembedwe, a mwana wolembedwa kawiri, ndi ena otero. M'pulogalamumo munalinso kachidutswa kena kamene tinkakatcha mlonda, koyang'ana fayilo iliyonse yatsopano: mzere ukakhala kuti ulibe zigawo zinayi ndendende, pulogalamu inkaima n'kunena mzere wake.

“Mayeso akalephera usawakwiyire,” ankatero a Mbewe. “Iwo angonena zimene aona. Wolakwa ndi iwe kapena fayilo, ndiye pita ukaone.”

Ndinaphunzira msanga, ndipo vuto langa linayambira pomwepo. Pasanathe chaka ndinkatha kusakaniza mafayilo a zipatala zosiyanasiyana, kusanja ana potengera midzi, ndi kusindikiza zonse bwinobwino. Anthu obwera kuchigayo cha pamishoni ankasuzumira pawindo kuti aone mtsikana amene amalankhula ndi makina. Amayi anga ankauza aliyense kumpingo. Ena, makamaka abambo, ankati ntchito yoteroyo si ya mwana wamkazi, tsiku lina adzaotcha makinawo. Mawu amenewa ankandipweteka, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti palibe tsiku limene munthu adzandimve ndikunena kuti zandikanika. Mayeso a a Mbewe ndinayamba kuwaona ngati ndodo ya munthu wokalamba. Ndinkati ine ndikutha kuyenda ndekha.

Chaka chimenecho mvula inayamba bwino koma nkhokwe zinatha msanga. Cha kumapeto kwa Disembala chipatala china chaching'ono cha kumbali ya Chisepo chinalowa nawo m'ntchito yathu. Chinkayendetsedwa ndi asisitere ena achizungu amene anali ndi kakompyuta kawokawo, ndipo ankalowetsamo okha zotsatira za sikelo zimene anthu ongodzipereka ankabweretsa kuchokera m'midzi. Sabata yomweyo mayi awo a a Mbewe anadwala kwambiri, iwo n'kupita kwawo ku Dowa. Pochoka anandisiyira makiyi a ofesi. Ndinasangalala, inu owerenga, ngakhale kuti chifukwa chake chinali matenda a munthu.

Disiketi ya ku Chisepo inafika m'mawa wina ndi wa njinga yamoto, itakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Tsiku lomwelo kunja kunali lole yobwereka, yoti inyamule ufa. Mvula inali itapumako pang'ono, ndipo dalaivala ankafuna kunyamuka masana asanakwane, mitsinje isanadzazenso. Ndinalowetsa disiketi, kuyendetsa pulogalamu, ndipo inaima. Inati mzere wakutiwakuti uli ndi zigawo zisanu. Ndinautsegula mzerewo. Ndinaona dzina, mudzi, kenako manambala atatu m'malo mwa awiri. Ndinayang'ana mizere ina, ina inali ndi zigawo zinayi, yambiri zisanu. Sindinamvetse.

Apa ndi pamene ndinayenera kuima. Ndinkadziwa choyenera kuchita: kutenga mwana mmodzi wa m'fayilo yatsopanoyo, kuwerengera ndi pensulo, n'kuona ngati manambalawo akupereka nzeru. Ndikanathanso kutuluka n'kuuza bambo mfumu kuti ufa wa zipatala zina upite, koma wa ku Chisepo ndikufuna nthawi. Palibe akanandimenya. Koma panja dalaivala ankaliza hutala, anyamata onyamula matumba ankaseka, ndipo ndinkangoganiza kuti akuseka ine. Ndinadziuza kuti nambala yachisanuyo iyenera kukhala chinthu chimene asisitere anangowonjezera kumapeto, mwina nambala ya nyumba kapena ya gulu. Ndinatsegula pulogalamu, n'kuchotsa mlonda uja pamodzi ndi mayeso ake, kuti makina azingotenga zigawo zinayi zoyamba, zotsalazo azizisiya. Nditayendetsanso, zonse zinadutsa popanda dandaulo.

Bambo mfumu analowa kudzatenga mapepala. Anandifunsa ngati zonse zili bwino, ndipo ndinati zili bwino, bambo. Atayang'ana anaona kuti ana a ku Chisepo ofunika ufa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi madera ena, n'kuyamika Mulungu kuti kumeneko anthu akadali ndi chakudya. Inenso ndinali nditaziona, koma ndinadziuza kuti kumeneko nthaka ndi yabwino. Lole inanyamuka.

A Mbewe atabwerera, ataika maliro a mayi awo, anali otopa ndi achisoni. Anandifunsa ngati mayeso onse anakhoza. Ndinati inde. Sindinaname ndi mawu, chifukwa mayeso amene analipo anakhozadi, koma amene analephera ndinali nditawachotsa. Ndinkati ndiwauza mawa. Mawa litafika ndinkati ndidikire kaye apepukidwe mtima. Kenako ndinayamba kuopa kuti andifunsa chifukwa chimene sindinanenere tsiku loyamba. Wa njinga yamoto anabwera ndi uthenga woti ku Chisepo akudandaula kuti ufa wachepa, komanso kuti asisitere aja agwidwa ndi malungo aakulu ndipo awatengera ku Lilongwe. Koma m'miyezi yanjala chipatala chilichonse chinkadandaula kuti ufa wachepa, choncho palibe amene anazitengera. Ine ndekha ndi amene ndinali ndi chifukwa chokayikira, ndipo ndinakhala chete. Mwezi wotsatira fayilo ina inabwera, yolembedwa ndi othandiza a asisitere pa kakompyuta komweko, n'kudutsanso chimodzimodzi.

Mu Febuluwale, tsiku lina masana, mayi wina anaima pakhomo la ofesi yathu. Anali wamng'ono msinkhu kuposa ine, miyendo ili matope mpaka m'maondo, mwana ali kumsana. Anati dzina lake ndi Nankhoma, wachokera kumbali ya Chisepo, ndipo wayenda wapansi mbali yaikulu ya ulendowo. Anamwino a chipatala cha pamishoni anamuuza kuti amugoneka mwanayo m'wodi, koma iye anapempha kuti ayambe waona kumene kuli makina. Anamasula nsalu n'kumutsitsa. Anali mtsikana, dzina lake Tiyamike. Mapazi ndi masaya zinali zotupa, tsitsi litasanduka lofiirira ndi losalala, khungu la m'miyendo likusupuka. Sankalira. Ankangoyang'ana.

“Pepani achemwali,” anatero mayiyo, “kwathu anatiuza kuti makina a kuno akuti mwana wangayu ali bwino, safunika phala. Ndiye ndimati ndifunse, mwina makinawo anaona mwana wina.”

Sanalankhule mwaukali. Anafunsa ngati mmene munthu amafunsira njira. Anamwino atamutenga kupita naye kuwodi, ndinatseka chitseko n'kutsegula fayilo ya ku Chisepo. Mzere wa mwanayo unali ndi dzina lake, mudzi wake, kenako 7,2,20. Ndinauyang'ana nthawi yaitali, ndipo maso anga anatseguka mochedwa. Kwathu kuno makilo asanu ndi awiri ndi kachidutswa timalemba 7.2, ndi kadontho pakati. Kwawo kwa asisitere aja amalemba 7,2, ndi mpatuliro, ndipo kakompyuta kawo kanali kozolowera zakwawo. Tiyamike anali ndi miyezi makumi awiri ndipo ankalemera makilo 7.2, kupepuka koopsa kwa mwana wa msinkhu umenewo. Koma pulogalamu, itakumana ndi mpatuliro wapakatiwo, inawerenga kuti akulemera makilo asanu ndi awiri ndipo ali ndi miyezi iwiri. Nambala ya msinkhu wake weniweni ndi imene ine ndinalamula kuti izitayidwa. Kwa makina, Tiyamike anali khanda lonenepa bwino. Ana okhawo amene kulemera kwawo kunalibe kachidutswa ndi amene ankawerengedwa molondola.

Ndinabwezeretsa mlonda uja n'kuyendetsa. Anaima pa mzere womwe anaima tsiku loyamba lija. Ndinadumpha umenewo, anaimanso pa wotsatira, ndi wina, ndi wina. A Mbewe anali kugalaja kukaona za jenereta, ndipo ndinawatsatira komweko. Ndinawauza zonse nditaimirira, kuyambira tsiku la lole lija mpaka yankho limene ndinawapatsa atabwerera ku maliro.

Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Anapukuta manja ndi kansanza, n'kunena kuti za ine tikambirana pambuyo, tiyambe taona za ana. Tinabwerera ku ofesi. Ngakhale pa changu choterocho sanalole kuti tilumphe njira. Anandiuza kuti ndilembe mzere wa Tiyamike ngati mayeso, ndi yankho lake loti ayenera kulandira. Mayesowo analephera. Tinakonza kawerengedwe ka fayilo ya ku Chisepo mpaka anakhoza, kenako tinatenga ana ena angapo n'kuwawerengera ndi pensulo kuti titsimikize. Titasindikiza, mayina a ana amene anamanidwa ufa kwa miyezi iwiri anadzaza pepala n'kupitirira. A Mbewe anawawerenga onse chamumtima. Atamaliza anati nawonso ali ndi mbali yawo, chifukwa anangofunsa ndi pakamwa osatsegula pulogalamu kuti aone okha. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Tsiku lomwelo tinakawauza bambo mfumu. M'mawa mwake galimoto ya mishoni inanyamula ufa, ndipo pamene msewu unaduka anthu a mpingo anasenza matumba pamitu ndi panjinga. Ana ena amene anapezeka atafooka kwambiri anabwera nawo kuchipatala pobwerera.

Ine ndinkapita kuwodi tsiku lililonse ndikaweruka. Nankhoma sankadziwa kuti ndine ndani kwenikweni m'nkhaniyi, ankangondiona ngati mtsikana wachifundo wa ku ofesi. Tsiku lina tili pakhonde la wodi anandiuza zimene zinachitika kumudzi. Mwamuna wake, a Yohane, ankagwira ganyu ku esiteti ina ya fodya ndipo ankabwera pakhomo mwa apo ndi apo. Mwana atayamba kutupa, achibale anayamba anena kuti ndi njala. Koma ufa utabwera dzina la Tiyamike palibe, ndipo ogawawo atanena kuti makina a kumishoni apeza kuti mwanayo sakusowa chakudya, nkhani inatembenuka. Akuluakulu anati ngati si njala ndiye kuti ndi tsempho, matenda aja amati amagwira mwana pamene kholo layenda njira zachigololo. Amalume ake a Nankhoma, amene anali mwini mbumba, anaitanitsa a Yohane n'kuwauza kuti aulule mkazi amene akuyenda naye kuesiteti. A Yohane anakana mpaka kulira, koma anali mkamwini, analibe wowaikira kumbuyo. Anawathamangitsa pamudzi. Mwanayo anayamba kumumwetsa mankhwala azitsamba a tsempho, ndipo masabata anapita choncho. Nankhoma anati iyenso anafika pokhulupirira kuti mwamuna wake anamulakwira, chifukwa makina a azungu sanganame.

Inu owerenga, ndinamvetsera zonsezi nditagwira kapu ya phala imene ndinkathandiza kumwetsa mwanayo, koma sindinamuuze Nankhoma zimene ndinachita. Tiyamike anamwalira patapita masiku ochepa, dzuwa likutuluka. Adokotala anati anabwera mochedwa, komanso anali ndi malungo ndi chibayo. Ena pofuna kunditonthoza anandiuza kuti mwina akanamwalirabe. Mwina ndi zoona. Koma ine ndikudziwa kuti mwezi wa Disembala mwanayo ankayenda ndi kusewera, ndipo dzina lake linali loyenera kutuluka papepala.

Galimoto ya mishoni inanyamula maliro, ndipo ndinapempha kuti ndipite nawo. A Mbewe anandiuza kuti palibe akundikakamiza, ndipo kuti anthu olira angathe kuchita chilichonse. Ndinati ndikudziwa. Anavala jekete n'kukwera nane. Kumudziko a Yohane anabwera, koma anakhala patali, pansi pa mtengo, pamodzi ndi mbale wawo mmodzi. Palibe amene anawapatsa moni. Anthu pobwerera kumanda ankawalambalala ngati pali chinthu chonunkha.

Titachoka kumanda ndinapempha akatekisiti a kumeneko kuti andiperekeze kwa amalume aja. Anasonkhana achibale ochepa kuseri kwa nyumba, ndipo ndinapempha kuti aitanenso a Yohane. Ndinagwada. Ndinawauza kuti mwanayo anali ndi njala, kuti sikelo inaonetsa zimenezo kuyambira Disembala, ndipo kuti dzina lake linasowa chifukwa cha ine. Amalumewo anandiyang'ana mokayikira, n'kufunsa ngati ndikutanthauza kuti makina ananama.

“Makina sananame, malume,” ndinatero. “Anandichenjeza kuti pali cholakwika. Ine ndinawatseka pakamwa chifukwa ndinkafulumira, kenako ndinachita manyazi kunena. A Yohane alibe mlandu pa mwanayu.”

Mayi wina wachikulire anayamba kulira mokweza, n'kunena kuti ana asukulu atimaliza. Nankhoma anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo m'maso mwake ndinaona akukumbukira masiku onse amene ndinakhala naye pakhonde la wodi osanena kanthu. Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Kenako a Yohane anandifunsa funso limodzi.

“Kodi ufawo ukanabwera, mwana wanga akanakhala moyo?”

Ndinati sindikudziwa, koma ndikuganiza kuti inde. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sananditukwane ndipo sananene kuti andikhululukira. Anadzuka n'kupita kukaima pakhomo la nyumba imene analowa mkazi wawo, ndipo nthawi imeneyi palibe amene anawaletsa.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinakonzeka. Ndinamva pambuyo pake kuti amalume aja anapepesa, koma ena pamudzipo sanakhulupirire. Ankati amishoni anatuma mtsikana kuti adzaphimbe tchimo la mkhristu mnzawo. A Yohane ndi Nankhoma anabwererana, koma sanakhalitse pamudzipo, anasamukira kwawo kwa mwamuna. Patapita zaka ndinakumana ndi Nankhoma pamsika wa ku Ntchisi, ali ndi mwana wina kumsana. Ndinamupatsa moni, anayankha mwaulemu, n'kupitiriza ulendo wake. Sindinamudandaule. Ana ena a papepala lija ambiri anachira, koma sindinganene kuti ndikudziwa za onse, kapena zimene miyezi iwiri yanjalayo inasiya m'matupi mwawo.

Ndinkafuna kusiya ntchito n'kubwerera kukasoka fodya. Ndinakalapa kwa bambo mfumu, ndipo kunja kwa kulapako iwo ndi a Mbewe anagwirizana kuti ndikhale, koma kuti kuyambira pamenepo pasapezeke munthu, ngakhale a Mbewe amene, wochotsa kapena kusintha mayeso popanda mnzake kuona. Anthu aja ankati mwana wamkazi adzawononga makina anapeza chonena, ndipo ndinawasiya anene. Bambo anga sanandidzudzule, koma kwa nthawi yaitali amayi anasiya kutchula ntchito yanga kumpingo. Ndinagwira ndi a Mbewe mpaka pamene anapuma, ndipo mzere wa Tiyamike unakhalabe m'mayeso a pulogalamuyo masiku onse amene inagwira ntchito. Mwezi uliwonse ndinkaona dzina lake likudutsa pagalasi la kompyuta, pambali pake patalembedwa kuti wakhoza.

Tsono inu amene mukuphunzira ntchito imeneyi, ndi inu nonse amene mumagwira mayina a anthu m'maofesi, m'zipatala ndi m'masukulu, mverani ine amene ndinapsa. Masiku ano makompyuta ndi achangu kuposa amene ndinaphunzirira, koma akadali opanda maso, amachita zimene mwawauza. Fayilo ikachokera kwa munthu watsopano, musaganize kuti walemba ngati mmene mumalembera inu. Itseguleni, muyang'ane mizere yake ndi maso anu, mutenge munthu mmodzi n'kumuwerengera pamanja. Yambani ndi mayeso, ndipo akalephera musawachotse kuti ntchito iyende, chifukwa nthawi imene akukuchedwetsani ndi imene akugwira ntchito yawo. Ngati simukumvetsa, nenani kuti sindikumvetsa. Amene akukusekani panja adzaiwala madzulo omwewo.

Ndipo inu amene mumalandira mapepala ochokera m'makina, musalole kuti pepala likuuzeni kuti mwana ali bwino pamene maso anu akuona kuti akutupa. Kumbuyo kwa makina aliwonse kuli munthu, ndipo munthuyo akhoza kukhala wotopa, wofulumira kapena wodzikuza ngati mmene ndinalili ine. Funsani, bwererani mukafunsenso, ndipo musathamangire kuloza chala m'bale wanu.

Chomaliza ndi chimene chimandilemera kwambiri. Kuchotsa mayeso kuja kunali kulakwa kwa m'mawa umodzi, ndipo ndikanaulula a Mbewe atangofika, ufa ukanapita sabata yomweyo. Chimene chinakulitsa zinthu ndi kukhala chete kwanga. Mukalakwa pantchito imene ikukhudza miyoyo ya anthu, nenani tsiku lomwelo, ngakhale mawu akunjenjemera. Manyazi amene mukuwathawawo ndi anu, ndipo mungathe kuwasenza. Ine ndinakana kusenza anga, ndipo amene anawasenza m'malo mwanga anali mwana amene anali asanadziwe n'komwe kutchula dzina lake.